Zimene Ndinaona Posambitsa Achimwene Jafali

Ndinadzuka kusanache, mzikiti wa kuseri kwa nyumba yathu ku Hor Al Anz, kuno ku Dubai, usanaitane swala. Kunena kuti ndinadzuka n'kungolemekeza tulo, chifukwa ndinali nditangotsamira khoma la m'khonde kanthawi kochepa, nditakhalira katoni. M'chipinda chathu, momwe timagona anthu asanu ndi mmodzi pa mabedi osanjikiza, munadzaza amayi. Amuna anachezera pa masitepe, kuyambira pakhomo pathu mpaka pansi. Kuno maliro salira mokweza. Mlonda wa nyumbayo anabwera kawiri kudzanena kuti oyandikana nafe akudandaula, ndiye amayi ankalira atatseka kukamwa ndi chitenje. Zimenezi zinandiwawa kwambiri.

Omwalirawo anali achimwene anga Jafali, oyamba kubadwa m'mimba mwathu. Ine ndine dalaivala wopereka katundu m'mashopu, iwo ndiwo anali ophunzira. Ankagwira ntchito mu ofesi ina ya boma kwathu, yoona ngati zida za asilikali zikugulidwa pa mtengo umene anagwirizana poyamba. Anafika kuno milungu iwiri m'mbuyomo, amvekere abwera kudzapuma. Ndinawaseka. Munthu angapume bwanji m'chipinda cha madalaivala, mwezi wa Julaye, kunja kuli ngati m'ng'anjo? Ankagona chokhala, ndipo malaya a manja aatali sankavula pamaso pa munthu. Ine ndinkati ndi matama a anthu a mu ofesi. Tsiku lina anagwa pa masitepe, ndipo kuchipatala anangokhalako masiku awiri. Anauza madokotala kuti anachita ngozi ya galimoto kumudzi, ine n'kukhulupirira.

Za ntchito yawo anandiuza pang'onopang'ono, nthawi zambiri ine ndikusinza. Boma linaitanitsa magalimoto ankhondo osaboola zipolopolo kudzera ku kampani ina ya kuno, ndipo mtengo wake unkangokwera chaka ndi chaka, magalimotowo osafika onse. Lamulo limati mtengo ukakwera kupitirira malire, aphungu azidziwitsidwa. Akuluakulu a kuntchito anauza achimwene kuti afufute mtengo woyamba, alembe watsopanowo ngati ndiwo woyamba, kuti kukwerako kusaoneke. Iwo anakana, n'kulemba lipoti lokhala ndi mitengo yonse iwiri. Lipotilo, ndi makalata ake onse, linali m'chikwama chakuda pansi pa bedi langa. Anati ndisachipereke kwa munthu aliyense mpaka litafika m'manja mwa aphungu.

Kutacha amayi anayatsa moto. Kuno nkhuni kulibe, ndiye anabwereka masilinda a gasi m'zipinda za anzathu, n'kuyika masefuliya a mpunga m'khitchini momwe anthu awiri sapatukirana. Utsi wa anyezi unadzaza khonde lonse. Anthu anayamba kufika: antchito za m'nyumba amene anachita kupempha tsiku kwa madamu awo, anyamata a m'mashopu a nsalu ku Bur Dubai, manesi awiri otuluka ntchito ya usiku, ndi a ku Zambia angapo amene achimwene sanawaonepo n'komwe. Maliro n'kulirana, ndipo pamaliro munthu safunsidwa dzina kapena chimene wadzera. Chitseko tinachitchinga ndi nsapato kuti chisatsekeke.

Cha m'ma eyiti kunafika bambo wina wa kwathu, wonenepa, wovala mkanjo woyera mbee, wonunkhira mafuta odula. Kumbuyo kwake kunali amuna awiri atasenza nyama ya mbuzi ndi madzi a m'mabotolo. Anandigwira dzanja nthawi yaitali. Anati amakhala ku Festival City, amachita bizinesi ndi boma la kwathu, ndipo malemu ankadziwana nawo pa ntchito. Kenako anatsitsa mawu n'kufunsa ngati malemu anasiya chikwama, poti muli mapepala a boma ofunika kubwezedwa. Ndinayankha kuti tiike kaye maliro. Anagwedeza mutu ngati munthu womvetsa zinthu. Ndinakumbuka kuti achimwene ankanena za munthu wa kwathu amene amaima pakati pa kampani ija ndi boma.

Tinanyamuka amuna okhaokha, monga mwa mwambo wathu, amayi n'kutsala ndi mapoto. Tinakwera basi ya ogwira ntchito imene mnzanga anabwereka, magalimoto ena akutsatira. Kunja kunali mphepo ya mchenga, dzuwa losaoneka koma likuotcha. Manda ali kunja kwa mzinda, ndipo mtembo unali utafika kale pa ambulasi m'kachipinda kosambitsira, pambali pa mzikiti. Tinalowa anthu atatu: shehe wathu wokalamba wa ku Mangochi, mnzanga wogona bedi la pamwamba panga, ndi ine monga mbale.

Titachotsa nsalu, mutu unaima. Nthiti za kumanzere zinali bii, ndipo nditayika dzanja kuti nditsuke, zinayenda pansi pa khungu ngati nkhuni zothyoka m'thumba. Kumsana kunali mizere italiitali yodutsana, ya chitsulo, ina itayamba kupola, ina ikuchucha. Pa phewa lamanja ndi pansi pa khosi anawadinda ndi nsimbi yamoto, mpaka timabowo ta nsimbiyo tinkaoneka. Mikono yonse iwiri inali ndi zipsera za chingwe. Galimoto siichita zimenezo kwa munthu. Milungu iwiri munthu ameneyu anagona pafupi ndi ine, ine ndikumuseka kuti amagona chokhala ngati mlonda. Ndinasanza m'ndowa ya madzi, ndipo manyazi amene ndinamva sindinawamvepo chibadwire.

Shehe anadikira kuti nditsuke m'kamwa. Kenako anandigwira mkono n'kunena motsitsa.

“Mwana wanga, wosambitsa maliro ali ndi manja, alibe pakamwa. Zimene waona muno uzisiye muno. Thupi la m'bale wako ndi chinsinsi chake.”

Tinayambiranso kusambitsa, mbali ya kumanja kenako ya kumanzere, katatu, n'kuwakulunga m'sanda.

Itatha swala ya masana tinawaswalira, n'kunyamula jeneza, chithatha cha maliro. Anthu ankalandirana mapewa, Apakistani ndi Abengali amene anangotipeza pamzikiti nawonso akusenza nawo. Mchenga unkalowa m'maso ndi m'mano. Ndinatsikira m'manda ineyo ndi mnzanga uja, n'kuwagoneka chakumanja. Nditatuluka, anthu anaima pamzere kuti aliyense aponye dothi katatu. Bambo wa mkanjo uja anaponya lake, n'kupukuta m'manja ndi kansalu, n'kubwera kudzaima pambali panga. Anandinong'oneza kuti malemu anali munthu wabwino koma wouma mutu, ndipo iwo anawakhululukira kale.

Zimene zinachitika kenako ndimazikumbuka bwino, sindinamizira kuti m'maso munada. Ndinamumenya chibakera pakamwa ndi dzanja lodzaza dothi. Atagwa ndinamukhalira pachifuwa n'kumumenyanso, kawiri kapena katatu, mpaka ndinamva dzino likundicheka chala. Ndinatambasula dzanja kuti nditole fosholo, ndipo ndikanaipeza, bwenzi tsiku limenelo titaika anthu awiri. Anandikoka amuna anayi. Shehe ankakuwa kuti tiope Mulungu, wina akuti yalla, yalla, tichoke apolisi asanabwere. Bamboyo anadzuka yekha, magazi akutsikira pa mkanjo mpaka m'mawondo. Sanakalipe. Analavula, n'kuyang'ana foni yake, n'kundiyandikira anthu akundigwirabe.

“Khalas, zatha, achimwene. Ndikapita kupolisi ndi mlomo uwu, mugona m'selo, mukatuluka mukwera ndege. Ine sindipita. Inunso musapite kulikonse, musauze aliyense.”

M'basi palibe anandiyankhula. Ena ankandiyang'ana ndi diso la nkhwezule, poti ndinaipitsa maliro a m'bale wanga ndi dzanja langa lomwe, ndiponso chifukwa kuno ndewu ya munthu mmodzi imatha kuchotsetsa ntchito nyumba yonse.

Titafika ku Hor Al Anz tinapeza mpunga utamwazika m'khonde. Amayi anali ataunjikana m'chipinda mozungulira achemwali Asiyatu, mayi wa kwathu amene ankatsogolera zophika. Diso lawo limodzi linali litatsekeka ndi kutupa, mkono atauyangata ndi chitenje. Anandifotokozera kuti amuna awiri aja osenza nyama sanapite kumanda. Anakhala pa masitepe ngati olira ena onse, anapatsidwa tiyi, ndipo palibe anawafunsa kanthu. Basi itachoka analowa n'kunena kuti ndawatuma chikwama cha malemu. Amayi ena anayamba kuwalozera pansi pa bedi, koma achemwali Asiyatu anakana, anati katundu wa womwalira satuluka m'nyumba mwini maliro asanabwere. Anachikumbatira chikwamacho. Mmodzi anawamenya ndi chivundikiro cha sefuliya kumaso, winayo anawapotokola mkono mpaka unalira, n'kuwakhwekhwereza mpaka pakhomo. Zonsezi amayi analira chamumtima, kuopa mlonda. Nditati tiimbire apolisi, achemwali Asiyatu anandigwira mwendo ndi dzanja labwinolo, chifukwa viza yawo inatha kalekale. Mmodzi wa manesi aja anawamanga mkono ndi thabwa la bedi.

Dzuwa lisanalowe anthu anali atabalalika, aliyense kuthamangira ntchito yake. Anzanga a m'chipinda anapita kukabweza basi ndi masilinda. Ndinasesa mpunga, n'kuchotsa nsapato ija pachitseko. M'nyumba munangoti zii, kupatula makina oziziritsa amene ankadontha madzi m'chitini. Ndinakhala pa bedi, chala chikutupa, lipoti litapita.

Foni inalira. Anali alamu anga, akazi a malemu, kumudzi. Kumbuyo kwawo ndinkamva amayi akulira momasuka, mmene maliro amaliridwira. Anafunsa ngati ndinasambitsa malemu ndine, ndipo ndinavomera.

“Ndiye mwaona, alamu,” anatero. “Ine ndinkawatsuka zilondazo sabata yathunthu asananyamuke. Anandilumbiritsa kuti ndisanene, kuopa ana. Mawa kubwera aphungu awiri a komiti yoona za zida za asilikali kudzapepesa. Mapepala muli nawo?”

Ndinawauza kuti atengedwa.

“Inu sanakulumbiritseni,” anatero. “Akafika ndikuimbirani, foni ndiiyika pamphasa pakati pa anthu. Mudzanene zimene mwaona.”

Ndinaganiza za mawu a shehe, amene ndimawalemekeza ngati bambo anga. Ndinaganiza za mlomo wong'ambika uja, ndi ana anga amene amadya chifukwa cha galimoto imene ndimayendetsa kuno. Ndinachita mantha, sindibisa. Koma ndinati aimbe.

Atadula foni ndinatseka zenera, mchenga unali ukulowabe. Kenako ndinakhala pansi n'kuyamba kubwereza ndekha mokweza, chilonda ndi chilonda, kuyambira pa phewa lamanja, kuti mawa mawu asadzandithere pakati.