Bawuti ya Ambuya Roza

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa cha vitumbuwa. Nditamaliza kosi ya kompyuta ndinakhala pakhomo ku Nangongwe zaka ziwiri, satifiketi ikudyedwa ndi mphemvu m'sutikesi. Azakhali anga ankagulitsa vitumbuwa pageti la tchalitchi cha Akatolika, ndipo makutu awo sankapita kutchuthi. Tsiku lina anabwera akupuma wefuwefu, akuti Asisitere akufuna munthu wodziwa kutaipa.

Ine ndine wa Pentekosite, wa m'tenti weniweni, woomba m'manja mpaka zikhatho kutentha. Ndinapitabe, poti njala siyang'ana mpingo. Sisitere Agnesi, mayi wamfupi wa magalasi a chingwe, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Nditaulula kumene ndimapemphera anangoti, "Kompyuta siziba chechi, mwana wanga. Unkale chabe na manja yoyera."

Parishi inkakonzekera jubili. Anafuna kulemba mbiri ya mabanja oyamba achikatolika amene anabwera ku Kafue kuchokera kummawa, kutsata ntchito ya njanji, ndipo mayina awo anayenera kuzokotedwa pamwala woti uimikidwe pakhomo la tchalitchi. Kulemba mndandanda wa mayinawo ndiyo inali ntchito yanga.

Zida zanga zinali laputopu yakale yomwe inkazima ukangoichotsa kumagetsi, foni yojambulira mawu, pensulo, rula yathabwa, ndi buku loyamba la ubatizo lomwe linabwerekedwa kumishoni kumene ansembe ankachokera kale. Bukulo linali ndi malamulo ake. Usambe m'manja ndi kupukuta bwinobwino. Bolopeni isayandikire patebulo. Tsamba ulitembenuze ndi manja awiri, osanyowetsa chala ndi malovu. Rula uiike pansi pa mzere umene ukuwerenga kuti diso lisadumphe. Dzina ulitaipe momwe linalembedwera, ngakhale ukuona kuti mzungu analipotoza. Ndipo lamulo lalikulu la Asisitere linali lakuti nkhani iliyonse ikhale ndi mboni ziwiri, kaya anthu awiri, kaya munthu mmodzi ndi pepala.

Masana ndinkayendera okalamba. Ndinaphunzira kukhala pansi kusiya mpando, kupempha kaye ndisanayatse foni, ndi kutseka pakamwa munthu akakhala chete, chifukwa nkhani yabwino imatuluka akatha kupuma. Zimene ndinamva zinandichotsa mwano. Anthu aja anafika kuno kulibe tchalitchi, udzudzu wa kumtsinje ukupha ana, chilankhulo cha eni dera sakuchidziwa. Wansembe ankabwera mwa apo ndi apo pa sitima, nthawi zina miyezi n'kudutsa. Ankaumba njerwa akaweruka kunjanji, mapewa ali zilonda. Ine amene ndinkadandaula minibasi ikachedwa ndinachita manyazi, ndipo ndinayamba kuwakonda anthu amene sindinawaonepo.

Komiti ya jubili inandipatsa fomu yokhala ndi madanga atatu: dzina la bambo wa banja, ntchito yake, ana ake. M'buku la ubatizo munali madanga ambiri, ndipo lomaliza, la kumphepete kudzanja lamanja, linali lopapatiza, zilembo zopanikizana, mutu wake uli m'Chilatini. Pafomu panalibe malo ake. Ndinalisiya, n'kumathamanga ndi enawo, Asisitere akundiyamikira kuti zala zanga n'zopepuka. Fulumira anadya gaga, koma panthawiyo ndinkadziona katswiri.

Mmodzi wa amene ndinawayendera anali a Simoni Daka a ku Shimabala, omwe anapuma ntchito ya kufakitale n'kumalima repu ndi tomato. Maso awo anali atachita khungu, koma mutu unali wakuthwa. Anandiuza za agogo awo obereka mayi awo, Ambuya Roza Mbewe. Amuna awo a Roza anali munthu wa njanji wosapemphera, wokonda mowa. Mayiwa ndiwo anapachika chidutswa cha njanji pamtengo kuseri kwa nyumba yawo kukomboni, n'kumachimenya Lamulungu lililonse kuitana anthu ku pemphero la Kolona. Ndiwo ankaphunzitsa katekisimu osadziwa kulemba, zonse zili pamtima. Wansembe akamabwera, ankapeza anthu okonzeka kale. A Daka anapisa m'thumba la jekete n'kutulutsa bawuti yaikulu ya njanji, yakuda, mutu wake wosalala chifukwa chomenya.

"Iyi ndiye benze kumenyela," anatero. "Ba komiti baifuna ku ma disipulei yao, kuti bantu baione pa jubili. Nizabapasa nikamvela zina ya ba mbuya pa mwala."

Ndinajambula zonse, ndinazitaipa bwino, koma pamndandanda wa pamwala Ambuya Roza sanalowe. Sanali bambo wa banja. Anabatizidwa kwawo kummawa, choncho m'danga la obatizidwa munalibe dzina lawo. Anabereka ana aakazi okhaokha, ndipo zidzukulu zinabalalika m'mayina a abambo awo. Anzawo onse anali kumanda. Mboni inali imodzi, nkhalamba yosaona.

Tsiku lovuta linali Lachisanu. Misa ya m'mawa itatha, okalamba anakhala m'holo kuti ndiwawerengere mndandanda komaliza, chifukwa wozokota mwala ankayenera kutenga mndandandawo pa basi ya thu koloko kupita nawo ku Lusaka. Mwala sufufutidwa ndi labala. Ndinawerenga mayina onse mokweza, anthu akugwedeza mitu. Nditatha, a Daka anaimirira atatsamira ndodo.

"Mwana wanga, wasiliza?"

"Nasiliza, ba shikulu," ndinawayankha agogowo.

"Walemba ma tilauzi yeka yeka. Manje vitenge vili kuti?"

Ena anaseka, koma iwo sanaseke. A tcheyamani a komiti, a Mwanza, munthu wabwino koma wokonda wotchi, anati palibe amene akukana, koma lamulo ndi lamulo, ndipo aliyense akabweretsa agogo ake mwala sukwana. A Daka anabweza bawuti m'thumba n'kunena kuti iwo akafa nkhaniyo ifera limodzi nawo, ndipo palibe kanthu, Mulungu sawerenga miyala. Anayamba kufufuza khomo ndi ndodo yawo. Mtima unandiwawa kwambiri, chifukwa mndandandawo ndinaulemba ndine.

Sisitere Agnesi anandikokera kuofesi. Sanakalipe. Anangofunsa kuti, "Buku unaibelenga yonse?" Ndinati inde. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Yonse, kufika kumapeto kwa pepala?"

Ndinasamba m'manja, n'kutsegula tsamba loyamba, n'kuika rula. Ulendo uno ndinaitsatira mpaka kumphepete. Ndinafunsa Asisitere tanthauzo la mutu wa Chilatini uja, funso limene ndikanafunsa sabata yoyamba. Anati ndi danga la makolo a ubatizo, amene amaimirira kumbuyo kwa wobatizidwa n'kumulonjezera. Pamzere woyamba weniweni, m'zilembo zing'onozing'ono za inki yofiirira, panali Rosa Mbewe. Pamzere wachiwiri, Rosa Mbewe. Wachitatu chimodzimodzi. Tsamba lotsatira wansembe anali atatopa kulemba, ankangoika timizere tiwiri tosonyeza kuti ndi yemweyo, kutsika mpaka pansi. Ana, amayi, ngakhale akuluakulu. Azibambo amene ndinawaika patsogolo pamndandanda, ambiri a iwo akazi awo ndi ana awo anaimiriridwa ndi mayi ameneyu. Miyezi itatu ndinkatembenuza masamba amenewa, chala changa chachikulu chili padzina lawo.

Nthawi inali itadutsa wani koloko. Bukulo silinkaloledwa kutuluka m'ofesi, choncho Asisitere anatuma kuti a Mwanza abwere, ine ndinathamangira kumsewu. A Daka ndinawapeza pasiteji akudikira minibasi ya ku Shimabala. Ndinagwada pafumbi pomwepo, makondakitala akundiseka.

"Ba shikulu, nenze nalakwa ndine. Mboni yachibili yapezeka. Tiyeni."

M'ofesi a Mwanza anawerama pabukulo, manja ali kumbuyo monga mwa lamulo. Anatsata rula mpaka anaima pamzere wina, n'kuvula magalasi. Unali mzere wa mayi awo. Anawongoka, kenaka anati, "Taipa futi. Baike pamwamba." Laputopu inazima kawiri ndisanamalize, ndipo wozokota mwala anakwera basi ya fo koloko akung'ung'udza.

Patsiku la jubili, Misa itatha, anavundukula mwala. Mdzukulu wawo wamkazi anawatsogolera a Daka n'kuika dzanja lawo pamzere woyamba. Anatsata chilembo chilichonse ndi chala, pang'onopang'ono, n'kubwerezanso. Komiti inali itapachika chidutswa cha njanji pamtengo wa pabwalo. Tonse tinkayembekeza kuti amenya okha, koma anatembenuka n'kufunsa kuti mtsikana wa kompyuta ali kuti. Ndinayandikira, ndipo anandiika bawuti ija m'manja. Inali yolemera, yofunda chifukwa chokhalitsa m'thumba.

"Iwe wa Pente, si mumaziba chongo? Menya, bamvele."

Phokoso ndiye timalidziwadi kutenti kwathu. Ndinamenya katatu. Kulira kwake kunafika mpaka kumsika, ndipo amayi a zitenge za parishi anayamba nthungululu. Ine ndinkangolira.

A Daka anamwalira mvula yotsatira isanathe. Ine lero ndimalemba makadi a odwala pakiliniki ina ku Kafue Estates, ndipo anzanga amandiseka kuti ndimachedwa, poti fomu iliyonse ndimayamba kuiwerenga kumphepete kudzanja lamanja, kumene amalemba dzina la amene wabweretsa wodwala. Ndimawasiya aseke. Ndinaphunzira kuti munthu amene wanyamula anzake kawirikawiri amalembedwa m'danga lopapatiza, ndipo ndikadutsa patchalitchi paja popita kutenti kwathu, ndimaima pamwala n'kupereka moni kwa Ambuya Roza.