Bowa Amene Ndinaphikira Anyamata a Malaya Oyera

Nkhani iyi anthu akamaikamba kuchigayo kapena pamaliro amaithira mchere wambiri, moti ena amafika ponena kuti munthu anafera pakhomo panga. Ndiye lero ndati ndiikambe ndekha mwini wake, ndipo Mulungu akundiona, palibe chimene ndiwonjezere kapena kubisa, ngakhale zimene zimandichititsa kuweramitsa mutu mpaka lero. Mayina sinditchula, eni ake akudzidziwa.

Ine kwathu ndi kuchigwa, ku Kasinje, kumene tinakula tikuthamangitsa mbalame m'minda ya mpunga. Bambo akunyumba ananditenga chitengwa n'kubwera nane kumapiri kuno ku Biriwiri, komwe ndinachita kuphunzira ndili wamkulu kale kulima kachewere ndi kabichi, komanso kupirira mphepo yolowa m'mafupa.

Zaka zija anthu ankakanganirana makuponi a feteleza, kunayamba kufika anyamata awiri ovala malaya oyera ndi matayi, pachifuwa atapachika kachikwangwani kakuda. Ndi aja ambiri mumawatchula kuti Amomoni. Wina anali mzungu wamtali wa ku Amereka, wina wamfupi, wofatsa, wa ku Congo, ndipo onse ankaitanana kuti Elida, kutanthauza mkulu, chonsecho pachibwano palibe ndi ndevu imodzi yomwe. Ankachita lendi kuboma, m'mawa n'kukwera minibasi, kutsika pamsewu wa tala, kenako wapansi m'mapiri monsemu, dzuwa kaya mvula. Anadziwana ndi bambo akunyumba tsiku lina thumba la kachewere litaphulika panjinga, iwo n'kugwada m'matope kuthandiza kutola. Kuyambira pamenepo ankabwera sabata iliyonse kudzawaphunzitsa pansi pa mtengo wa pichesi uli pabwalo pathu, ndipo akapeza bambowo kulibe, m'nyumba sankalowa ngakhale pagwe mvula yotani.

Ndisaname, ine sindinkawafuna. Tsiku loyamba ndinawatenthetsera tiyi wamkaka, iwo n'kukana mwaulemu kuti kumpingo kwawo tiyi samwa. Inu, mlendo wokana tiyi ku Ntcheu kuno, kuzizira konseku? Ndinaona ngati anyansidwa ndi makapu anga. Posakhalitsa bambo nawo anasiya tiyi, anasiya fodya, anasiyanso kokacheza kumowa Loweruka kuja, ndipo ngakhale izi zomalizazi zinandikomera mumtima, anzanga a kwaya anayamba kundifunsa kuti kodi ndalola bwanji kuti mwamuna wanga alowe za anthu osadziwika kumene amapemphera. Ena ankati anyamatawo amalemba mayina a anthu kuti akawapereke nsembe. Ndiye tsiku lina pamjigo, amayi atandizungulira n'kumandiseka, ndinafuna kuonetsa kuti pakhomo panga ndine mwini. Ndinati asadandaule, tsiku lina ndidzawaphikira ndiwo zoti sadzapondanso pabwalo panga. Anthu anaseka, nanenso ndinaseka, ndinasenza ndowa yanga n'kuiwala.

Chimene chinanditembenuza mtima ndi ichi. Ndinali ndi mwana wanga wachiwiri amene anamwalira ali wakhanda, tisanapite naye kukabatizidwa, ndipo panali mayi wina wachikulire amene anandiuza pamaliro pomwepo kuti ana otere sakaona nkhope ya Mulungu. Mawu amenewo ndinakhala nawo zaka ngati minga yothyokera m'phazi. Tsiku lina ndikusankha nyemba pakhonde, khutu lili kupichesi kuja, ndinamva bambo akufunsa za mwanayo. Mnyamata wa ku Congo uja, ndi Chichewa chake chopindika chija, anayankha kuti khanda lilibe tchimo loti lisambitsidwe, mwana wathuyo ali bwino m'manja mwa Mulungu, ndipo tidzamuonanso n'kumudziwa. Anawonjezera kuti nayenso mayi ake anamwalira atangoyamba ntchito imeneyi, kumaliro sanapite, ndipo chimene chimamudzutsa m'mawa ndi chikhulupiriro chomwecho. Ndinalowa kukhitchini n'kulira ngati maliro achitika dzulo. Ndinaganiza kuti mwana wa mnzanga uyu, wamasiye, akuyenda m'mapiri a eni ndi nsapato zong'ambika, amadya chiyani akabwerera kuboma? Amamuphikira ndani?

Sabata yotsatira inali ya mvula zoyamba kukhazikika. Mayi anga anali atanditumizira mpunga wonunkhira wa kwathu, ndipo ndinati ana amenewa lero adye ngati ali kwawo. Nkhuku zinali zitatha ndi chitopa, ndiye m'mamawa ndinakwera kaphiri ka kuseri kwa munda kukafuna bowa. M'mphepete mwa mitengo ya bulugama ndinapeza woyera bwino, wotambasuka ngati ambulera, wofanana ndendende ndi amene tinkazula kwathu kuchigwa. Anali wochepa, wongokwana kambale kamodzi. Ndinamutsuka pabwalo anyamatawo atafika kale, kuthira tomato ndi nsinjiro, fungo lake mpaka kunjira.

Tsono mvetsani mmene satana amalukira zinthu. Bambo akunyumba bowa sadya chibadwire, amati amawayabwa pakhosi, ndiye iwo ndinawapatsa nyemba. Ana anali kusukulu. Ine monga mayi ndinati ndidya pambuyo alendo akakhuta. Ndiye kuti pakhomo ponse, amene anadya bowayo ndi anyamata awiriwo basi. Mzungu uja anangotapa pang'ono mwaulemu, koma wa ku Congo anadya mosangalala, akuti kwawo mayi ake ankaphika chimodzimodzi, ine n'kumuwonjezera ndi dzanja langali, ndikumuuza kuti idyani mwanangu, mwaonda.

Atatha kudya anatsegula mabuku awo n'kuyamba phunziro, ndipo tsiku limenelo ndi loyamba ine kukhala nawo pamphasa. Ankaphunzitsa za kupemphera, kuti munthu uzilankhula ndi Mulungu ngati ukulankhula ndi bambo ako okubala. Phunziro lili mkati ndinaona wa ku Congo uja akutuluka thukuta kumaso chonsecho kunja kukuzizira, akumasula tayi, akumeza malovu pafupipafupi. Anapirira, mwana waulemu, mpaka anati tigwade tipemphere. Anangoti Atate athu akumwamba, basi mawu anathera pomwepo, anagwa chammbali n'kuyamba kusanza, thupi lonse likunjenjemera. Mnzake pofuna kumudzutsa nayenso anagwira pamimba n'kuthamangira kuseri kwa nkhokwe. Kanthawi kochepa, malaya oyera aja sanalinso oyera, ndipo wa ku Congo uja anayamba kutsegula m'mimba zosakanikirana ndi magazi, maso atatembenuka, milomo itauma gwa.

Ndinakuwa, ndipo kukuwa kwangako ndi kumene kunaitana anthu. Mukudziwa kumudzi, pabwalo panadzaza ngati pamsika. Wina ankati amwetseni mkaka, wina makala osinja, wina anathamangira ngolo. Ambiri ankazungulira mzungu uja, akuti akafera kuno mudzi wonse tikathera kundende, pomwe amene ankatsirizika anali winayo, mutu wake uli pamiyendo panga. Ndiye pakati pa phokosolo ndinamva mawu a mlamu wanga, mchemwali wawo wa bambo akunyumba, akufunsa mokweza kuti kodi adya chiyani, nanga enanu bwanji simukudwala? Bambo anayankha mosaganiza kuti adya bowa, koma iwo eni ake sanadye, inenso mkazi wawo sindinadye. Kenako mayi wina amene tinali naye pamjigo tsiku lija anati, si uyu ananena yekha kuti adzawaphikira ndiwo zoti sadzapondanso pano?

Abale anga, mantha ndinawadziwa tsiku limenelo. Anthu amene ndinkaimba nawo kwaya, amene ndinawathandiza kubereka ana awo, anayamba kubwerera m'mbuyo kundisiya ndekha pakati. Wina anabwera kudzachotsa mutu wa mnyamatayo pamiyendo panga ngati ndimumaliza. Ndinamva liwu loti tameki, mankhwala a makoswe aja, likuyenda pakamwa ndi pakamwa. Anyamata a chitetezo cha m'mudzi anafika, mmodzi atanyamula chingwe cha ng'ombe, ndipo kumbuyo ndinaona ena akutola miyala. Koma zonsezo sizinandilase ngati zimene anachita mwamuna wanga. Anandiyandikira, osakalipa ayi, n'kundifunsa motsitsa mawu kuti, “Mayi a ana, ndiuzeni ine ndekha, mwathiramo chiyani?” Munthu amene ndinagona naye mphasa imodzi zaka zonsezo, amene tinaika naye mwana m'manda, ankaona kuti n'zotheka.

Sindikudziwa chimene chinandigwira. Ndinathamangira kukhitchini, anthu n'kumaganiza kuti ndikuthawa, ndinatuluka ndi poto uja. Munali mutatsala bowa wokwana zipande zingapo ndi msuzi wake, chakudya changa chija. Ndinaima pakati pa bwalo n'kudya ndi manja, kukombeza mpaka pansi, ndikulira, ndikunena kuti ngati ndathiramo mankhwala ndife nawo limodzi. Bambo anayesa kundilanda koma anachedwa. Lero ndikaganiza ndimaona kuti unali uchitsiru, chifukwa ndikanafa ana anga akanatsala ndi yani, komanso achipatala anadzandikalipira kuti ndinadya umboni umene ukanawathandiza kudziwa msanga chimene akuchiza. Koma panthawiyo ndinaona kuti kufa n'kopepuka kusiyana ndi maso amene ankandiyang'anawo.

Anatikweza tonse atatu m'ngolo kupita kumsewu wa tala. Tisanafike n'komwe, ine zinandiyamba. Zimene zinandichitikira m'ngolo muja, pamaso pa apongozi anga aamuna, pamaso pa anyamata amene ndinawaona akubadwa, sindingazifotokoze, mayi aliyense akudziwa chimene ndikunena. Chitenje chinali chimodzi, ndipo panalibe mayi ndi mmodzi yemwe amene anavula chake kuti andifunditse. Amene anandiponyera jekete yake ndi mzungu uja, iye mwini akubuula. Pamsewu anaimitsa galimoto ya wogula kachewere, n'kutigoneka pamwamba pa matumba mpaka kuchipatala.

Ine ndi mzunguyo tinatsitsimuka titalandira madiripi. Wa ku Congo uja anakhala masiku ali pakati pa moyo ndi imfa, mpaka akuluakulu a mpingo wawo anabwera kudzamutengera kuchipatala chachikulu ku Blantyre. Apolisi anabwera ndili pabedi kudzandifunsa, ndipo ndinamva kuti mzungu uja anawauza kuti iwo alibe mlandu ndi ine, bowayo anamuona ndi maso ake ndikumutsuka, ndipo mayi amene akufuna kupha munthu samulirira chomwecho. Adokotala nawo anati zizindikiro zake ndi za bowa woipa, osati mankhwala a makoswe. Nditatuluka, apongozi anga aakazi anapita nane pamalo paja ndinazula bowa, atangoona zitsa zake anagwira pakamwa, akuti kuno ngakhale mwana amadziwa kuti wa pabulugama sadyedwa. Nanga ine wa kuchigwa akanandiuza ndani, poti sindinafunse?

Mlandu unatha koma manyazi sanathe. Kumjigo ndinkapita dzuwa lili pamutu, nthawi yoti kulibe anthu. Kwaya ndinasiya. Pamaliro akandiika kophika, ndinkaona anthu akudumpha mbale zanga, ndipo ana ena mpaka lero amanditchula kuti a Nabowa osadziwa n'komwe chiyambi chake. Bambo akunyumba anandipepesa, ndinawakhululukira, koma funso lawo lija limabwerabe nthawi zina ndikamawapatsa madzi osamba m'manja.

Patapita miyezi, ndikupalira kuseri kwa nyumba, ndinaona malaya oyera awiri akutsika njira ya kumsewu. Mmodzi ankayenda pang'onopang'ono, malaya akulendewera ngati apachikidwa pamtengo. Anali wa ku Congo uja. Thupi silinabwerere, ndipo akuluakulu ake anaganiza zomubweza kwawo asanamalize zaka zake ziwiri, ntchito imene ankaikonda kuposa chilichonse, imene anaphonyera nayo maliro a mayi ake. Anapempha kuti asananyamuke adzatsanzike pakhomo pathu. Ndipo ine, mayi wamkulu ndi ana anga, ndinataya khasu n'kulowa m'chimanga, n'kukhala pansi pakati pa mizere. Ndinkamumva akuitana kuti amayi, amayi, ndi Chichewa chake chija. Bambo anandifunafuna, anatuma ana kumjigo, ine chitenje ndachiluma kuti kulira kusamveke. Ndikanamuyang'ana bwanji? Ndikanati chiyani? Anadikira mpaka dzuwa kupendeka, anapemphera ndi bambo pansi pa pichesi paja, n'kumapita. Nditatuluka bambo anandiuza uthenga umene anasiya: “Muwauze amayi kuti mpunga unali wokoma kwambiri. Wolakwa ndi bowa.”

Sindinamuonenso, ndipo sindikudziwa ngati ali moyo kwawoko, ngati anakwatira, ngati mimba yake inachira. Bambo akunyumba anabatizidwa kumpingo umenewo, ine ndinatsala kumpingo kwathu komwe ndinakulira, ndipo sitikangana. Chimene ndimakhulupirira tsopano n'chakuti ana aja sanabwere kudzalemba mayina a anthu ayi, anali ana a eni ake ngati anga, otumidwa kutali ndi chimene amachikhulupirira, ndipo mmodzi wa iwo anandichotsa minga imene abusa ndi anamkungwi analephera kuiona. Ndimakhulupiriranso kuti anandikhululukira asanafike n'komwe pabwalo paja, ndi ine amene ndinalibe mphamvu yolandira.

Tsono inu akazi anzanga okwatiwa kutali ndi kwanu, bowa wa dera la eni musamamudziwe ndi maso, funsani obadwira pomwepo ngakhale akusekeni. Pakamwa panu pamjigo muzipasamala, chifukwa anthu amene akuseka nanu lero ndi omwewo adzakumbutse mawu anu tsiku la tsoka. Ndipo munthu amene mwamupweteka akabwera yekha kudzakufunani, tulukani m'chimangamo. Manyazi a tsiku limodzi amapola, koma anga awa ndikalowa nawo m'manda.