Chitenje cha Pansi pa Yunifolomu

Ndikukumbukira m'mawa wa ku Nechells, kuno kudziko la azungu, mazenera atachita nthunzi, ine nditaima pabedi kuti nditalikeko, ndikukoka nsonga za chitenje kumbuyo kwa amayi. Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, ndipo ntchito yanga ndisanapite kusukulu inali imeneyo, kumanga mimba ya amayi kuti isaoneke. Iwo ankagwira mpweya, ine n'kukoka mpaka zala kuwawa. Kenako ankavala yunifolomu ya buluu pamwamba n'kuima cham'mbali pagalasi. "Ikuoneka?" Ndinkayankha m'Chingerezi kuti ayi, iwo n'kundiyang'ana ngati nanenso abwana awo andigula.

Amayi ankasamalira okalamba panyumba ina ku Tipton. Bambo anali pasukulu ku Coventry, ndiye lendi, chakudya, ngakhale nsapato zanga, zonse zinkachokera m'mashifiti a amayiwo. Kwathu pakati salengeza, anthu amangoona okha, chifukwa sudziwa mtima wa amene akumva. Koma panali china. Ali mtsikana ku Kasungu, amayi anaona akulu awo akubwezedwa pachipata cha esiteti ya fodya tsiku lomwe kapitawo anazindikira mimba. Nanga bwana wa kuno angasiyane bwanji? Anali atatsimikiza kuti akangodziwika, ntchito yathera pomwepo.

Ndiye m'nyumba mwathu munalowa kukayikira. Foni ikalira, ndinkayankha ndine, amayi ataima pambali akuwerenga milomo yanga. Masiku a sikelo ankauza akuntchito kuti dzino lawavuta, ndipo dzino limenelo linkawawa mwezi ndi mwezi osazulidwa. Manijala wawo, mayi wa tsitsi lofiira, anamupatsa dzina loti Namaso. "Akandifunsa ngati ndili bwino, ndiye kuti akufuna ndinene kuti sindili bwino," ankatero pochotsa nsapato, mapazi atatupa ngati mabanzi. Ine Namasoyo ndinali ndisanamuonepo, koma ndinkadana naye ndi mtima wonse.

Lamlungu lina titachoka kutchalitchi kunabwera anti Nachisale, omwe ankagwira ntchito limodzi ndi amayi. Anabweretsa mandasi otentha m'kontena, fungo lake nyumba yonse. Ananditumiza kukhitchini, koma khitchini ya fulati ilibe chinsinsi.

"Mayi a Tadala, ine ndi mzimayi mnzanu, maso ndili nawo," anatero motsitsa mawu. "Kauzeni manijala. Kuno lamulo silimulola kukuchotsani chifukwa cha pakati. Mukangomulembera, akuyenera kukusiyitsani zonyamula anthu, ndipo ku sikelo muzipita tsiku osadulidwa. Koma udindo womuuza ndi wanu. Mukakhala chete, iye achita chiyani?"

"Pakati pake pati, achemwali?" anayankha amayi, n'kuseka kuseka kouma. "Ndangonenepa ine."

Mlendo atangotuluka, mandasi onse anapita m'bini. Amayi anathiramonso madzi otsukira mbale kuti ndisayesedwe. Mandasi amene aja ndinawalira zenizeni. Madzulo ndinamva akuuza bambo kuti Nachisale akufuna mashifiti awo, kuti watumidwa ndi Namaso kudzawakola pakamwa, nanga munthu angamawerengere mnzake miyezi popanda cholinga? Bambo anayesa kunena kuti nkhani ya lamuloyo anaimvapo. Amayi anati lamulo limalembedwera eni dziko, ndipo bambo anabwerera ku mabuku awo.

Sabata yotsatira Namaso anawaika amayi kochapa zovala, ntchito yopinda matawulo atakhala pansi. Wina akanathokoza. Amayi anabwera atakwiya, akuti umo ndi mmene amayambira, lero akuchotsa kwa okalamba, mawa akuti palibe chimene ukuchita. M'mawa mwake anandiuza kuti ndikoke chitenje kwambiri. Anakapempha kuti awabwezere kosambitsa ndi kudzutsa anthu, kuti aliyense aone kuti mphamvu zilipo.

Tsiku limene zinachitika, ndinapeza bambo kunyumba masana, atakhala pampando jekete ili m'thupi. Gogo wina anaterereka kubafa, amayi n'kumuwakha okha osadikira mnzawo. Amayi atayamba kumva kupweteka m'mimba, amene anathamangira nawo kuchipatala pagalimoto yake anali Namaso yemweyo. Bambo anangoti, "Amayi ako apita padera." Mawuwo sindinawamve, mpaka anandiuza m'Chingerezi. Anali mwana wamwamuna.

Patapita masiku Namaso anabwera kwathu ndi maluwa. Anali wamfupi kuposa mmene ndinkamuganizira, ndipo anakhala kumapeto kwa mpando, chikwama pamiyendo. Amayi Chingerezi ankachidziwa bwino, koma tsiku limenelo anachitsekera, ndiye womasulira ndinali ine. Mayiyo anati ntchito ilipo, abwerere akapeza bwino. Anatinso akanauzidwa, lamulo likanamukakamiza kuwapezera ntchito yopepuka, ikanasowa akanakhala kunyumba akulandira malipiro.

"Umufunse kuti anamuuza ndani," anatero amayi.

Ndinafunsa. Iye anati palibe. Ankangokayikira, n'chifukwa chake anayesa za matawulo zija, koma sakanakakamiza munthu wamkulu kuulula za thupi lake. Maso ake anali atafiira. Amayi anayang'ana kukhoma, ndipo mlendoyo atachoka anati misozi ya bwana ndi yoopa khoti.

Anabwerera kuntchito n'kugwira zaka zambiri, koma anti Nachisale sanawalankhulenso. Kwa amayi nkhani inali yachidule: munthu anaona mimba, anaitchula ndi pakamwa pake, mimbayo inachoka. Kutchalitchi tinasintha benchi. Anti akandipatsa moni ndinkayang'ana pansi, manyazi atandigwira, chifukwa mumtima ndinali nditayamba kukayikira mbali ina. Kenako anasamukira kwina, sitinawaonenso.

Masiku ano zambiri zasintha. Malamulo a ntchito ali pafoni, aliyense akhoza kudziwerengera. Koma atsikana amene angofika kumene pa viza yosamalira okalamba ndimawaona kutchalitchi, majuzi aakulu dzuwa likuswa mtengo, ndipo ndimadziwa. Iwo mantha awo ndi okulirapo, poti chilolezo chawo chokhala kuno chili m'manja mwa bwana, ndipo mabwana ena ndi oipadi. Ndimawakokera pambali n'kuwauza zimene anti ananena. Ena amamva, ena amandiyang'ana ndi diso lija ndimalidziwa.

Ine ndine namwino tsopano. Nditaima chaka chatha, ndinauza akuntchito ndisanauze amayi, ndipo ndinapita ku Nechells nditakonzeka kukalipiridwa. Anandimvetsera osaphethira.

"Akusiyitsa zonyamula odwala?"

"Eya, tsiku lomwelo."

"Malipiro osadula?"

"Osadula, amayi."

Anaika manja pamaondo. Atalankhula, mawu anatuluka aang'ono.

"Ndiye kuti Nachisale sankanama. Tadala, undifufuzireko kumene ali."