Kalongonda amene ndinapatsa alendo a ku Mzuzu

Inu owerenga, ine ndinatsala pang'ono kupha ana a eni ake ndi mphatso. Mphatsotu, osati mankhwala a makoswe! Mpaka lero ndikaganiza mtima umandiwawa.

Ndine kapitawo pa esiteti ina ya tiyi kuno ku Thyolo. Kutchalitchi anandisankha kuti ndizilangiza anyamata, aja sukulu inawakanika, ongodikira ganyu yothyola tiyi mvula ikagwa. Abusa athu anagwirizana ndi mpingo wina wa ku Mzuzu kuti anyamata aziyenderana: iwo abwere adzaone chikhalidwe chathu, kenako ife tipite kwawo. Anyamata anga ambiri sanapitirirepo pa Limbe. Chifukwa cha ulendo umenewu ena anasiya kachasu, Loweruka lililonse n'kumabwera kudzaphunzira tchopa, gule wathu wa Alomwe, mpaka mapazi kutuluka matuza.

Alendo atafika tinawavinira, tinawayendetsa m'minda ya tiyi, ndipo akazi anga anawaphikira kalongonda. Anamukonda zedi, makamaka mnyamata wina dzina lake Wongani, amene anachita kunyambita zala. Ine kukondwa! Tsiku lonyamuka ndinamutapira kalongonda wouma m'jumbo kuti akalawitse akwawo.

Basi itangochoka akazi anga anandifunsa kuti, "Abambo, mwawauza kaphikidwe kake?"

Ndinawayankha mwamwano kuti nyemba ndi nyemba, ku Mzuzu kulinso miphika. Tsono kuno ndani sadziwa kuti kalongonda amawiritsidwa tsiku lonse, madzi n'kutaya, kuthira ena, kutayanso, mpaka poizoni atatha? Inenso ndinkadziwa, komatu mongomva. Chibadwire sindinakhalepo pamoto akuphikidwa, ndimangomupeza m'mbale. Foni inali m'thumba, nambala ya Wongani ndinali nayo, koma ndinaona ngati n'kudzitsitsa kuti kapitawo wathunthu aimbire mnyamata za mphika. Uchitsiru wake umenewo!

Wongani anakaphika ngati nyemba wamba, n'kudya ndi mng'ono wake. Anasanza, chizungulire chinawagwira, anayamba kubwebweta ngati amisala, moti anthu anachita kuwanyamula kupita nawo kuchipatala. Mulungu ngwabwino, onse awiri anachira. Koma makolo a kumeneko anakalipa zoopsa, ati Alomwe tadyetsa ana awo mankhwala. Mankhwala a chiyani, poti ife timadya zomwezo? Abusa anapepesa, ine ndinapepesa, akazi anga anafotokoza pafoni kaphikidwe konse, koma ayi ndithu. Anatiuza kuti tisayerekeze kupondako.

A komiti ya kutchalitchi, amene pa tsiku la alendo ankalimbirana mipando yakutsogolo, onse anazemba. Ntchito youza anyamata inatsalira ine ndekha.

Choncho inu amene mumatsogolera achinyamata, ndakupemphani, musamaganize kuti zimene mwana aliyense kwanu amadziwa, dziko lonse likudziwa. Mukapatsa mlendo chakudya cha kwanu, mufotokozereni zonse, ndipo ngati simudziwa bwino, itanani amene amaphika. Ndipo amayi akakufunsani funso, abambo anzanga, yambani mwaganiza musanatsegule pakamwa.

Ine ndinaima pamaso pa anyamata anga n'kuwauza kuti ulendo walephereka. Ndikanakonda akananditukwana. M'malo mwake mmodzi wa iwo, Yohane, amene sayankhulayankhula, anakweza dzanja mwaulemu.

"A kapitawo, ndiye nsapato ndinabwereka kwa alamu anga zija ndikabweze?"

Ndinamuuza kuti akabweze.