Mbiri ya Dzina la Osborne

Tsiku langa loyamba pantchito ndinakwera basi chipewa cha nyanga chili kumutu. Chinali cha pulasitiki, bwana anandiveka m'mawa, ndipo pofika madzulo mutu unali utachizolowera. Anthu m'basimo ankandiyang'ana, ine n'kumamwetulira, ndimvekere koma dziko lino lili ndi anthu ansangala. Ndinazindikira potsika, nyanga itakola pachitseko.

Ntchitoyo anandipezera mlamu wanga, atatopa kundiona ku South Bend ndikungozungulira pakati pa firiji yake ndi laibulale. Mnzake wa kutchalitchi ankadziwa mzungu wina, Gary, yemwe anali ndi kathebulo pakati pa mashopu ku Lafayette Square. Gary ankagulitsa mbiri za maina a mabanja. Munthu akatchula dzina lake, ndinkalilemba pakompyuta, n'kuprinta mbiriyo papepala lokhuthala lachikasu. Kenako ndinkamata kariboni kofiira, kudinda phula pakona, n'kulowetsa mufulemu. Zomwe zinkayenda malonda zinali za Maviking, anthu a ngalawa a kumpoto kwa Ulaya. Lamulo la Gary linali limodzi: “Kasitomala asachoke pano wopanda makolo.”

Ine sukulu sindinapite nayo patali, koma matenda owerenga ndili nawo. Ndinabwereka mabuku a Maviking mpaka ndinkawadziwa kuposa azibale anga a ku Ntcheu. Ndinapezamonso kuti zipewa zawo zinalibe nyanga. Nditamuuza Gary, anati, “Nyanga zimagulitsa. Vala.”

Loweruka lina kunabwera mayi wachikulire wakuda, wobadwira konkuno, atagwira dzanja kamdzukulu kake kakakazi. Anati kusukulu awauza ana kuti akafotokoze komwe makolo awo anachokera. Dzina lawo linali Osborne. Kompyuta inalavula ngalawa ya mutu wa chinjoka, ndi mawu akuti dzinalo ndi la Chinorse, chilankhulo cha Maviking, limatanthauza chimbalangondo cha milungu. Mwanayo anadumphadumpha.

Mayiwo anawerenga pang'onopang'ono, chala chikutsata mzere. Kenako anandiyang'ana, osati ngati wogulitsa, koma ngati munthu wochokera ku Afirika.

“Mwanawe, ndiuze. Anthu awa ndi athu?”

Gary anali kumbuyo kwanga, akupukuta galasi la fulemu lomwe linali loyera kale. Ndinkadziwa kuti ndikangoti eya, ntchito ilipo Lolemba. Ndinkadziwanso momwe maina otere anafikira m'mabanja a anthu akuda kuno: ambiri anali a amene ankawasunga ukapolo.

“Mayi, dzinali linachokeradi kumeneko,” ndinatero. “Koma za anthu anu, pepalali silikudziwa kanthu.”

Mayiwo anagwedeza mutu, osakwiya. Anabweza pepalalo pathebulo mosamala ngati lingasweke. Mwana anafunsa ngati ngalawayo aitengabe. Agogo ake anati, “Si yathu, mwanangu,” n'kumukoka kumapita.

Gary sanakalipe. Anangotambasula dzanja, ine n'kuvula chipewa n'kumupatsa. “Iwe ndi wa laibulale, osati wa bizinesi,” anatero. Pathebulopo mawa lake panaima mnyamata wina, nyanga zili m'mwamba, akugawira anthu makolo. Ine ndinatha chisanu chonsecho ndikutsuka mapoto kuseri kwa lesitilanti ina ku Speedway, manja atang'ambika, mutu uli wodzaza ndi mafumu a ku Norway amene palibe ankandifunsa.

Chimene ndinatolapo n'chakuti choona chimachotsetsa ntchito, ndipo sichimutonthoza ngakhale amene wachipempha. Mwana uja anapita kusukulu chimanjamanja. Mpaka lero sindidziwa ngati ndinamuthandiza.

Nkhaniyi ndinawafotokozera a Nachisale, namwino yemwe tinayandikana zitseko, ndikuyembekeza kuti andiyamikira. Iwo anamvetsera akumanga nsapato za kuntchito, kenako anati, “Achimwene, musadzitenge ngati mwawaululira chachilendo. Munthu akafika pofunsa za makolo ake kwa wogulitsa mafulemu, ndiye kuti kwina konse anafunsa kale.”