Sopo Wosalala wa Amake Lekani

M'mwezi wa Julaye, chaka cha 1957, boma linalengeza kuti anthu a ku Chileka ayambe kusamba ndi sopo. Uthengawu anauwerenga a Frazer, kalaliki wa kubwalo la milandu, ataima pa mpando pakati pa msika. Anauwerenga kawiri: poyamba m'Chingerezi kuti anthu adziwe kulemera kwake, kenaka m'Chinyanja kuti aumve. Unkati Chitaganya chabwera ndi chitukuko, ndipo chitukuko chimayambira pakhungu. Popeza sopo wa m'sitolo sangakwanire aliyense, amayi aziphika wawo ndi phulusa ndi mafuta. Mvula isanagwe kudzakhala chionetsero, ndipo mayi amene sopo wake adzasalale kuposa onse adzalembedwa ntchito ya ulangizi wa sopo, ndi kupatsidwa nyumba yamalata pafupi ndi msika.

Ambiri anangomva za kusambazo n'kuseka, poti ankasamba kale. Christobel, amene onse ankamutcha amake Lekani, anamva za nyumba.

Makolo ake anachokera kudziko la Apwitikizi iye asanabadwe, nakhala pa esiteti ya mzungu wina kumadzulo kwa Chileka, kumene munthu ankalipira malo ndi msana wake, ntchito ija ankaitcha thangata. Mwamuna wake, Solomon, anapita ku Halale Lekani akukwawa. Tsopano Lekani anali pabanja ku Madziabango, m'nyumba yodzaza kale ndi apongozi, koma Solomon anali asanabwerebe. Chaka chimenecho kapitawo wa pa esiteti anauza Christobel mwaulemu wonse kuti nyumba yopanda mwamuna wogwira ntchito ya fodya ikungotsekereza malo a mitengo. Mvula yoyamba isadzamupeze pamenepo.

Chidulo ankachidziwa kuyambira ubwana wake, madzi aja odonthezedwa m'phulusa ophikira therere. Chovuta chinali mafuta. Anayenda ulendo wa ku Lirangwe kwa che Chande, opha ng'ombe pamsika, amene analola kumamupatsa mafuta a m'mimba, iye azibweza sopo.

Sopo woyamba anatuluka wotuwa, wamibulu ngati phala lophika mwana wongophunzira. Che Chande anamutembenuza m'manja, namununkhiza.

"Amake Lekani, uyu ndi sopo kapena mwala wotsukira mapazi?"

"Thovu akutulutsa, che Chande."

"Thovu ngakhale ng'ombe imatulutsa ikamafa. Ndinamuyesa pankhope dzana, akazi anga anandifunsa ngati ndagwa panjinga."

Christobel anaseka nawo, poti mafuta anali awo. Pobwerera anayenda akulingalira za mibulu ija njira yonse.

Kuyambira pamenepo moyo wake unasanduka mbiya ndi mthiko. Anayamba kusungunula mafuta kawiri ndi kuwasefa pa mpango wake wa kutchalitchi. Anazindikira kuti moto wa malawi umaumitsa sopo m'mbali pakati pasanapse, choncho ankaphika pa makala, mbiya itavindikiridwa, akumatakasa mosathamanga. Sopo akayamba kuuma ankadonthezamo madzi otentha. Mchere ankathira pang'ono kuti alimbe, ndi timafuta ta nsatsi pomaliza. Pofuna kudziwa ngati wapsa ankamugunda ndi nsonga ya lilime: akaluma, ndiye kuti sanapse. Lilime lakelo linafika poti ndiwo zonse zinkangomveka chimodzimodzi.

Mibulu inachepa koma sinathe. Vuto linali phulusa. La pamafuwa limasakanikirana ndi dothi ndi makala, chidulo chake n'kutuluka chofooka lero, champhamvu mawa. Tsiku lina anatentha zitsononkho ndi mapesi ochepa pa phale loyera, ndipo kasopo kamene anaphika ndi phulusa limenelo kanasalala ngati tsaya la khanda. Koma kanali kakang'ono ngati bokosi la machesi. Sopo wa pachionetsero ankafuna mapesi a munda wonse.

Apa tiyenera kufotokoza mmene dziko linkayendera masiku amenewo. Khungu la munthu linali m'manja mwa ofesi ina, munda wake m'manja mwa ofesi inanso, ndipo maofesi awiriwa ankalemekezana kwambiri moti sankalankhulana. Ofesi ya khungu inkati phikani sopo ndi phulusa. Ofesi ya munda, ya malimidwe, inkati wotentha mapesi ndi mdani wa nthaka. Mapesi ndi okwirira m'mizere. Christobel ankadziwa malamulo onse awiri. Anaona kuti mapesi okwiriridwa adzanenepetsa munda umene iye sadzalimanso, ndipo anasankha lamulo lokhala ndi nyumba yamalata.

Anaunjika mapesi pamalo osesa bwino n'kuyatsa m'mawa, mphepo isanayambe. Utsi suli ngati mbuzi yoti ungaimange kuseri kwa nyumba. Phulusa lisanazizire, a Ackim anali atafika. Iwowa anali kapitawo wa malimidwe, msuweni wake wa Solomon, ndipo anabwera ndi chipewa chawo chaboma ndi chingwe choyezera mizere.

"Alamu, mwadzuka bwanji?"

"Ndadzuka, alamu. Khalani pamthunzi."

"Sindikhalitsa. Utsiwu aonera pabwalo la ndege. Mukanatentha pang'onopang'ono ndikanati ndi ana osaka mbewa."

"Ndi phulusa la sopo waboma."

"Sopoyo ndi wa boma lake, alamu. Ine ndine wa mapesi." Anavula chipewa n'kuyang'ana mkati mwake ngati muli yankho. "Ndikakusiyani inu, mawa chipewachi avala wina, ndipo winayo si mlamu wanu."

"Phulusali mutenga?"

A Ackim anaganiza. "Lamulo likunena za mapesi. Za phulusa silinanene."

Mlandu sunatenge nthawi. A Frazer, kalaliki yemwe uja, anamasulira zonse bwinobwino, ndipo Christobel analamulidwa kukumba milambala yotchinga madzi m'phiri pamodzi ndi ena ogwidwa ngati iye. Ankakumba m'mawa, masana n'kudontheza chidulo. Matuza a khasu akakumana ndi chidulo amalankhula, koma iye sanawayankhe. Atamaliza chilango anaphika mbiya yaikulu, nathira sopo akadali wotentha m'chikombole cha njerwa chimene anayalamo nsalu, n'kuchigwedeza pansi kuti mpweya utuluke. Sopo atalimba anamudula ndi ulusi. Anali wachikasu pang'ono, wopanda mbulu ngakhale umodzi. Che Chande atamuona anangomupatsa Christobel chiwindi chaulere.

Chionetsero chinachitika mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Ana a sukulu anaimba. Dona wochokera ku Blantyre anayenda pa tebulo la sopo atavala magolovesi, ndipo atafika pa wa Christobel anavula limodzi, nasisita ndi chala, nalankhula mawu angapo. A Frazer anamasulira kuti sopo wa Christobel Solomon wapambana onse, ndipo ndi umboni woti Chitaganya chikugwira ntchito. Amayi analuluta. Christobel anayang'ana kuseri kwa msika, kumene amisiri ankakhoma malata omaliza.

Anthu atabalalika, a Frazer anamuitanira pambali.

"Mayi, sopo wanu wapambana. Zimenezo palibe angakulandeni."

"Zikomo, bambo. Nanga ndilowe liti? Kumene ndiliko anandipatsa malire."

"Ndiye nkhani yake imeneyo. Munthu amene anapezeka wolakwa pabwalo la milandu salembedwa ntchito yaboma."

"Mlandu wake wa mapesi aja?"

"Womwewo."

"Si inu munati tiphike ndi phulusa?"

"Ndinawerenga, mayi. Ndipo za mapesi ndinawerenganso ndine, chaka chatha, pa mpando womwe uja. Ine ndimangowerenga."

"Nanga wachiwiri? Apatsidwe iyeyo, mwina angandisungeko pakhonde."

A Frazer anatsokomola. Wachiwiri, Getrude wa ku Madziabango, anakumba milambala limodzi ndi Christobel. Wachitatunso chimodzimodzi. Aliyense amene sopo wake anasalala anali atatentha mapesi, ndipo amene sanatenthe anabweretsa zinthu zoti dona sanavulire golovesi.

Sopo uja aboma anamutengera ku Blantyre kukamuika m'kabati yagalasi. Christobel anabwerera kwawo ndi nsalu yoyala m'chikombole.

Mvula yoyamba inamupeza ku Lirangwe, m'kachisakasa kuseri kwa malo ophera ng'ombe, kumene che Chande anamulola kukhala malinga azitsuka matumbo. Sopo ankaphikabe mwa apo ndi apo, wa phulusa la pamafuwa, wamibulu, ndipo ogula sankadandaula poti ankachapira zovala. Za sopo wosalala sankazikamba. Wina akamufunsa chinsinsi chake ankangoti pamafunika munda.

Nyumba ya mlangizi wa sopo inatha bwino, yamalata, ya mawindo agalasi. Ofesi ya malimidwe inaibwereka n'kumasungiramo makasu okumbira milambala.