Mwana amene anakana kudya yekha

Chaka chimene njovu zinatha chimanga ku Chifunda, ine n'kuti nditatopa kale. Ananditumiza kuno kuchokera kwathu ku Katete kuti ndikagwire ntchito ya unamwino, ndipo ndinkati ndingokhalako pang'ono. Mpaka lero ndidakali konkuno. Mvula ikayamba, msewu wopita ku boma umafa, ndipo katundu amene sanafike amadikira mpaka madzi ataphwa.

Kabungwe kamene kankatithandiza kanali ka amayi a m'mipingo ya ku Chama. Sanali olemera, koma kupempha ankakudziwa. Ankapeza makatoni a chiponde cha ana onyentchera, chija cha m'timapaketi, n'kutitumizira pa thirakitala madambo asanadzaze. Ine ntchito yanga inali kuzunguliza kalamba kopimira pamkono wa mwana. Kalambako kali ndi mitundu itatu. Kakaima pofiira, mwana alandire chiponde. Pachikasu, ayambe wadikira. Pobiriwira ndiye kuti wachira, asiyire anzake. Amayi a bungwewo sindiwaimba mlandu. Makatoni anali ochepa, ana ambiri, nanga akanatani?

Mayi wina anabwera kuchokera kutsidya kwa mtsinje atabereka kamnyamata, kamtsikana kokulirapo katagwira nsonga ya chitenje chake. Mwamuna wake anapita ku Lundazi kukafuna ganyu, ndipo anangoti zii. Kamnyamatako tsitsi linali litafiira, mkono ngati phesi. Kalamba kanaima pofiira penipeni.

"Amama, ichi ndi mankhwala, si ndiwo," ndinatero pomupatsa timapaketi. "Ndi cha mwana uyu yekha."

"Namvela, ba sista," anayankha.

Atabweranso, mkono unali womwe uja. Sindinafunikire kuombeza. Ndinamukalipira, ndipo ndikakalipa ine mawu amamveka mpaka ku mjigo. Iye anangodikira kuti ndimalize.

"Manje nichite bwanji, ba sista?" anafunsa. "Uyu azidya, uyu aziyang'ana?"

Kuchigwa kuno mwana amaphunzira kunyema asanaphunzire kuyankhula. Ukamupatsa kachidutswa ka mbatata, amayamba wayang'ana amene ali pafupi. Wodyera kuseri kwa nyumba amamupatsa dzina, ndipo dzinalo amakula nalo mpaka kukwatira. Ngakhale kwathu timati chakudya sichichepa, chimachepa ndi chovala. Ndinakula ndi mawu amenewo ndipo ndimawakonda, koma amene anawayamba sanaone kapaketi konga chikhatho kakugawidwa nyumba yonse.

Ndinaona kuti kamnyamatako tikataya. Choncho ndinapempha mayiyo kuti akhale m'nyumba yodikirira amayi oyembekezera, mwana azidyera m'chipinda changa ine ndikuona. Mlongo wake ndinamusiya panja n'kutseka chitseko.

Mwanayo anakana. Ndinang'amba paketi, ndinanyengerera, ndinayerekeza kudya ndekha n'kumatafuna mphepo ngati wamisala. Iye anangotseka pakamwa, dzanja atalozetsa kuchitseko. Mphamvu yolirira analibe, koma ya makani anali nayo. Kunena zoona ndinapsa mtima. Munthu nthiti zikuwerengeka, koma ulemu ali nawo wa mkulu wa mpingo.

Nditalephera, ndinatsegula chitseko. Kamtsikana kaja kanali pomwepo, katatsamira khoma. Ndinakaitana, n'kukapaka chiponde pang'ono pachala. Kananyambita. Mnyamatayo anakayang'ana mpaka katameza, kenaka anatsegula pakamwa.

Zinakhala choncho tsiku lililonse. Ndinkati ndi msonkho: chala chimodzi kwa mtsikana, paketi kwa mnyamata. Palibe anauza kamtsikanako kuti kasapemphe china. Kakanyambita kankaika manja kumbuyo n'kumayang'ana padenga, ngati kuti pamalata pali nkhani. Chimenecho chinkandipweteka kuposa mikono yonse imene ndinapima chaka chimenecho. Nthawi zina ndinkakapatulira mbatata yanga, koma pakhonde panali ana enanso, ndipo malipiro a namwino si munda.

Mnyamatayo anayamba kudzaza. Masaya anabwerera, anayamba kulira mokweza, kenaka kuba chivindikiro cha cholembera changa. Mwana akayamba kuba, ife anamwino timadziwa kuti manda waazemba. Kalamba kanachoka pofiira, kanadutsa pachikasu, ndipo m'mawa wina kanakhazikika pobiriwira. Ndinakondwa kwambiri. Ndinaitana mayi wake kuti adzaone yekha.

Anaona, koma sanalulute. Anayang'ana katoni imene inali pakona, theka lake litatha, kenaka anayang'ana ine.

"Ndiye kuti vasila?" anafunsa, kutanthauza kuti chiponde chatha kwa iwo.

"Wachira, amama. Mukhoza kupita kwanu."

Kwawo ndinkakudziwa. Munda njovu zinaupondaponda, nkhokwe inali yogonamo nkhuku, ndipo mango anali atatha. Pa nyumba yonseyo, chakudya chodalirika chinali mkono woonda wa mwana uja, ndipo ine ndinali nditangouchiritsa.

Mayiyo sanadandaule. Anakoka kamtsikana kaja, n'kukweza dzanja la diresi yake mpaka paphewa.

"Manje pimani uyu."

Ndinazunguliza kalamba. Mkono unali wochepa kuposa tsiku limene anafika, ndipo ndinazindikira kuti ndikukoka mothina kuposa mmene anatiphunzitsira. Tonse awiri tinaweramira pamenepo, mitu kutsala pang'ono kugundana, mayi wobereka ndi namwino wa boma, tikufunira mwana mtundu wofiira. Kalambako kanaima pachikasu. Pofiira panatsala pang'ono, ngati m'lifupi mwa njere ya mpunga.

Ndikanatha kunama. Koma pakhonde panali amayi ena atakhala pamzere ndi ana ofiira kale, katoni inali yomaliza, ndipo thirakitala sikanabweranso madzi asanaphwe. Ndinamasula kalambako.

"Sanafike pofiira, amama."

Kamtsikanako kanatsitsa kokha dzanja la diresi. Ndinawapatsa paketi imodzi ya panjira, ndipo mnyamatayo atangoilandira anaitambasulira kwa mlongo wake. Mayiyo anamanga kamtolo kake, anagwada pang'ono monga mwa ulemu wa kuno, n'kuyankhula mofatsa ngati tikupangana tsiku la sikelo.

"Zikomo, ba sista. Tizabwela akafika."

Ine ndinaphunzira ntchito yonenepetsa ana, ndipo ndaigwira mpaka imvi. Koma tsiku limenelo ndinaima pakhomo la chipatala, kalamba kali m'manja, n'kumuyankha kuti, "Musachedwe naye."